Tikukagona m'tenti ku Tippecanoe River ndi ana atatu, ndithandizeni nzeru

Moni nonse a m'gulu. Ndine mayi wa ana atatu, tikukhala ku South Bend kuno ku Indiana. Bambo akunyumba asungitsa malo a masiku awiri ku Tippecanoe River State Park, pafupi ndi Winamac, kumapeto kwa Julaye. Chibwerereni kuno sitinagonepo m'tenti, ndiye anawa akuwerengera masiku.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi mtsinje. Ine ndinakulira ku Liwonde, m'mbali mwa Shire. Ife mtsinje tinkauopa tisanadziwe n'kuwerenga komwe, chifukwa cha ng'ona, ndipo mantha amenewo ndi omwe ankatisunga. Ana angawa madzi amawadziwa a padamu losambirapo la kusukulu, oima, ooneka pansi, mlonda ali pampando. Chitsiriza wanga ali ndi zaka 4, sakhala pansi. Mwezi watha tikuyenda m'mbali mwa mtsinje wa St. Joseph anaona abakha, n'kupulumuka m'dzanja langa. Ndinamugwira malaya atafika kale pamiyala yoterera, nsapato imodzi itanyowa. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umagunda.

Amene munapitako ndi ana aang'ono, munkawasamala bwanji? Nanga nkhuni tinyamule za kunyumba? Ndikufuna kukaphika nsima pamoto.

Bambo ena a ku Elkhart:
Amayi, nkhuni za kuseri kwa nyumba musanyamule. Mapaki a boma ku Indiana amalola zosenda makungwa kapena zogula zokhala ndi chidindo, chifukwa cha kachirombo kotchedwa emerald ash borer komwe kapha mitengo yambiri chipezekereni ku Michigan mu 2002. Mukagule komweko. Pamalo aliyense pali chitsulo chozungulira chosonkhapo moto, koma nsima imafuna mphika wokhazikika kuti muvundule bwino. Ife timatenga kachitofu ka gasi, pamotopo timangowotcha nyama ndi chimanga.

Amayi ena a ku Indianapolis:
Asisi, mantha anuwo ndi oyenera, musawataye. Mtsinje wa Tippecanoe umaoneka wofatsa pamwamba, koma madzi amayenda, ndipo mvula ikagwa kumtunda amakwera. M'pakimo salola kusambira mumtsinje, ndiye anawo muwauze asananyamuke kuti sakupita kukasambira, kuopa kulira kumeneko. Onani mapu, ngati malo anu ayandikira madzi pemphani akusinthireni. Wamng'onoyo mugulireni jekete yoyandamitsa ya msinkhu wake, yokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, azivala nthawi zonse mukatsikira kumadzi ngakhale simukukwera bwato. Chomwe chinatithandiza kwambiri ife n'chakuti munthu mmodzi wamkulu azikhala ndi ntchito imodzi yokha, yoyang'ana mwana. Popatsirana muzinena ndi pakamwa kuti "mwana ali ndi inu." Ngozi imabwera pamene mayi akuganiza kuti mwana ali ndi bambo, bambo akukhoma zikhomo za tenti akuganiza kuti ali ndi mayi.

Achimwene ena a ku Mishawaka:
Palibe watchula udzudzu! Kumeneko kuli madambo, Julaye udzudzu wake umaluma ndi masana omwe. Malungo kulibe, koma tengani mankhwala opopera pakhungu ndi zovala zamanja aatali. Madzulo muzifufuza ana nkhupakupa m'mutu, kuseri kwa makutu ndi m'khwapa, chifukwa zina zimafalitsa matenda a Lyme. Chakudya chonse chizigona m'galimoto. Tinyama totchedwa raccoon timatsegula cooler box ngati tili ndi manja a munthu.

Bambo a ku Elkhart aja:
Ana okulirapo awiriwo muwatengere mbedza. Ana osakwana zaka 18 safunika laisensi yowedzera, koma bambo awo agule yawo. M'pakimo muli nsanja yakale yoonera moto wa m'nkhalango, ana amakonda kukwera.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsitsa mtima pansi. Jekete tigula Loweruka, ndipo za "mwana ali ndi inu" ndawauza kale bambo ake, agwirizana nazo. Chatsala chimodzi. Mwanayu amadzuka mbandakucha, ndipo zipi amadziwa kutsegula. Ndikuganiza zogona pakhomo penipeni pa tenti, zipi ndiikokere m'mwamba pomwe safika. Alipo anayesapo zimenezi, kapena kumangirira kabelu pazipipo?