Mbande zikuuma chaka ndi chaka, anthu ayamba kugwa ulesi

NaBanda (Balaka): Alangizi anzanga, ndigawireni nzeru. M'midzi imene ndimayendera, masiku ano anthu akuitanitsa okha mitengo, osachita kuwakakamiza. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, atamva za matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ngakhale agogo amene ankati mtengo sadzala akufunsa za machubu. Komiti yoona zachilengedwe m'mudzi wina inakonza nazale yooneka bwino, tinawokera, koma pofika Okutobala mbande zambiri zinali zitapita. Zina chiswe, zina mbuzi, zotsalazo moto. Amayi amene ankasenza madzi othirira akuti chaka chino asavutitsidwe. Zikundiwawa, chifukwa chidwi chimenechi chikazilala tidzavutika kuchidzutsanso.

A Phiri (Dowa): Pepani mayi. Munawokera mwezi uti, nanga pamalo a yani?

NaBanda: Kumapeto kwa Febuluwale, poti mbande zinachedwa kukula. Malo ake ndi nkhalango ya mudzi. Yambiri inali bulugamu.

A Phiri: Pamenepo mavuto akuoneka. Boma limati nyengo yodzala mitengo ndi kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma kwanu kotenthako musadalire masiku akumapetowo. Mbande ilowe pansi mvula ikangokhazikika, Disembala kapena Januwale koyambirira, kuti mizu itsike chinyezi chisanathe. Ndiye kufesa kuyambe msanga, cha mu Ogasiti kapena Seputembala. Kutatsala masabata angapo kuti muwokere, chepetsani madzi ndipo chotsani mthunzi pang'onopang'ono, mbande zizolowere dzuwa. Muzisunthanso machubu n'kudula mizu yotulukira pansi. Mbande yozika mizu mu nazale mukaizula tsiku lowokera, siichira. Bulugamu ndiye chiswe chimamukonda kwambiri akadali wamng'ono. Yesani kesha ndi mtangatanga, zimapirirako.

A Mwale (Salima): Zimene anena a Phiri ndi zoona, koma ine ndikuti chemwali, musanagule chubu ngakhale chimodzi, kayendeni kaye m'nkhalango ya mudziyo ndi m'minda, muwerenge zitsa zimene zikuphukira. Mudzadabwa. Mombo, tsanya, mthethe, muwanga, zonsezi zikadulidwa mizu imakhala ili moyo pansi, ndipo chaka chilichonse zimatulutsa mphukira zimene alimi amazisadza posoza, poziyesa tchire.

Chitsa chili kale ndi mizu yakuya. Sichifuna kuthirira, chilimwe sichichiopa, ndipo mbuzi ikabudula chimaphukanso. Ntchito yake ndi iyi: pa chitsa chimodzi sankhani mphukira zowongoka ndi zamphamvu, ziwiri kufikira zisanu, zinazo dulani. Chikwanje chikhale chakuthwa, ndipo podula nthambi muzitema chokweza m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Musasadze mpaka kunsonga, siyani masamba kumtunda kuti mtengo uzidya. Pakapita miyezi ingapo mubwererenso, chifukwa mphukira zatsopano zimabwera. Mangani kansalu pa mphukira zosankhidwazo kuti wodutsa adziwe kuti mtengowu uli ndi mwini.

Njirayi si yongoganizira. Ku Niger, m'chigawo cha Maradi, katswiri wa zaulimi wa ku Australia, Tony Rinaudo, ndi alimi akumeneko anaiyamba m'zaka za m'ma 1980 mbande zawo zitakanika monga zanuzi, ndipo lero minda yambiri ya m'dzikolo ili ndi mitengo. Kuno kwathu dziko linalonjeza kubwezeretsa chilengedwe pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Ndi machubu okha sitingafikeko ayi.

NaJere (Ntcheu): Achimwene a Mwale, zitsa ndikugwirizana nazo, koma nazale musaipeputse. Pali minda imene inazulidwa zitsa kalekale, mulibe chophuka. Komanso mayi akafuna mango, mapapaya kapena magwafa pakhomo, chitsa cha mombo sichimupatsa. Nazale ikhalepo, koma yaing'ono, ya mitengo imene anthu asankha okha.

Chimene chandigwira mtima ine ndi mawu akuti nkhalango ya mudzi. Mbande ya aliyense ilibe woipalira. Ife tinagawa: banja lililonse litenge mbande zochepa zimene lingathe kutchingira ndi minga, lidzale pakhomo, m'malire a munda kapena pafupi ndi bafa pamene madzi amatayikira. Mitengo ya pabafa ija ndi imene imapulumuka kwambiri, poti imamwa tsiku lililonse popanda wina kupita kumjigo.

A Phiri: Pa msangu onjezerani apo. Ukamera wokha m'munda, auzeni asaudule. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho suphimba chimanga, ndipo masambawo ndi manyowa. Mukafuna kufesa, njere zake muzizikanda pang'ono khungu, apo ayi zimachedwa kumera.

NaBanda: Zikomo akuluakulu, zikulowa. Nanga mbuzi ndi moto? Anthu akangokolola ziweto amazitayirira, ndipo anyamata osaka mbewa amatentha paliponse.

NaJere: Zimenezo si za mlangizi yekha, chemwali, n'za bwalo la amfumu. Pitani kwa nyakwawa ndi gulupu pamodzi ndi komiti, malamulo apangidwe ndi mudzi wonse, eni mbuzi ndi anyamata a mbewawo alipo. Chindapusa atchule okha. Mukawalembera inu, adzati ndi malamulo a boma, ndipo palibe adzaneneze mnzake. Kulambula njira zotchinga moto kuchitike mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse. Mukadikira Ogasiti mphepo itayamba, mwachedwa. Ndipo udzu wozungulira mbande iliyonse upaliridwe, chifukwa ndi umene umabweretsa moto pa tsinde.

A Mwale: Amayi otopa ndi madzi aja muwayambire pa nkhuni. Nthambi zosadza pa zitsa n'zawo, azitenga chaka chomwecho, osadikira zaka zisanu. Tinthambi ting'onoting'ono timeneti pa mafuwa timangolilima n'kutha, koma mu chitetezo mbaula timapsetsa nsima bwinobwino. Mayi akaona kuti sakupitanso kuphiri m'mamawa, chitsa chake adzachilondera yekha. Ngati kufupi kuli gulu loumba mbaula, liitaneni tsiku lomwe mukuonetsa kasadzidwe, anthu aone zonse ziwiri pamodzi.

NaBanda: Ndamva. Sabata ino ndikakumana ndi amfumu, kenako tikayenda m'minda ndi komiti kuwerenga zitsa, tiyambire m'munda wa wapampando kuti ena aonere. Nazale tiichepetsa, tifesa kesha, msangu ndi zipatso basi. A Mwale, ngati muli ndi zithunzi za chitsa chisanasadzidwe ndi chitasadzidwa, nditumizireni pa WhatsApp Lachinayi lisanafike, ndikawaonetse pamsonkhano.

A Mwale: Nditumiza madzulo ano. Mukapite ndi tupa, zikwanje zambiri za kumudzi zimakhala zobuntha.