Ndithandizeni kufufuza banja la Samuel Fraunces

Abale anga, makamaka inu amene muli ku New York kapena Philadelphia, ndabwera ndi pempho. Mwana wanga wamkazi wapatsidwa ntchito ya kusukulu yolemba mbiri ya banja la Samuel Fraunces, ndipo Loweruka tinapita ku Fraunces Tavern, bala imene iye ankayendetsa, pa 54 Pearl Street ku New York. Tinakwera m'chipinda chachitali cha pamwamba, momwe George Washington anatsanzikana ndi akuluakulu a asilikali ake pa 4 Disembala 1783. Mwana anangoti kukamwa yasa.

Za bala ya Fraunces ija tazipeza. Anagula nyumbayo mu 1762, n'kuitcha Queen's Head, ndipo anaigulitsa mu 1785 n'kupita kukalima ku New Jersey. Pambuyo pake anali woyang'anira nyumba ya Pulezidenti Washington, ndipo anamwalira ku Philadelphia mu 1795.

Patikanika ndi pa ana ake. Anakwatira Elizabeth Dally mu 1757, koma nkhani yotchuka ya mwana wake Phoebe, amene akuti anapulumutsa Washington ku chakudya cha poizoni, ikuoneka ngati nthano ya pamoto chabe, chifukwa dzinali mulibe mu wilo ya Fraunces. Nkhani ina ndi ya dzina loti "Black Sam", lomwe anthu ankamutchula nalo Fraunces. Ena amati anali wakuda, pamene kalembera wa 1790 anamulemba ngati mzungu.

Kodi alipo amene anafufuzapo mabuku a ubatizo a ku tchalitchi cha Trinity Church ku New York, kapena mapepala a malo a munda wa ku New Jersey uja? Munthu amayambira ofesi iti, nanga amalipiritsa? Ntchitoyi ikufunika Lachisanu likubwerali, chonde.