Nyali za mapepala zija zinayaka bwino pa chinkhoswe

Mwezi watha ndinafunsa njira yotchipa yoyatsira nyali za mapepala 20 zomwe tinkafuna kupachika pabwalo pa chinkhoswe cha mchemwali wanga. Mwambo unadutsa Loweruka, ndiye ndati ndikuuzeni mmene zinayendera.

Makandulo ndinawakana ngakhale amalume ankalimbikira. Ndinayesa kuika kandulo m'nyali imodzi kuseri kwa nyumba. Kamphepo katangowomba, nyali inapendama, pepala n'kugwira moto ine ndikuona.

Zikomo inu amene munati ndigule timababu ta LED ndi mabatire a CR2032, ozungulira aja ngati ndalama yachitsulo. Batire lake ndi la mavolti 3, ndipo sipafunika waya kapena switchi. Kababu kali ndi timiyendo tiwiri: kakatali kagunde mbali yolembedwa +, kakafupi mbali inayo, kenako mukulunge ndi tepu. Kakapanda kuyaka, mwaphonya mbali, ingotembenuzani batire. Tinkamanga ndi ulusi pa waya wa pamwamba pa nyali kuti kalendewere pakati penipeni.

Pa nyali zikuluzikulu kababu kamodzi kanachepa mphamvu, tinaika titatu. Mugule ta kuwala kwachikasu. Toyera mbee tija tinachititsa nyali zofiira kuoneka zotuwa, mpaka ndinatichotsa.

Tinalumikiza cha m'ma 5 koloko madzulo. Magetsi atazima nthawi ya chakudya, nyali zathu zinali chiyakire mpaka alendo kubalalika. M'mawa mwake mabatire onse ndinatolera ndekha n'kutsekera m'botolo, chifukwa mwana akameza limodzi lokha limamuwotcha kum'mero.