Mankhwala a BP akundipatsa a mwezi umodzi okha, kwanuko zili bwanji?

Mayi wa ku Balaka: Abale anzanga a kuno ku Joni ndithandizeni maganizo. Kale ku kiliniki amandipatsa mankhwala a BP a miyezi itatu koma pano ndikapita akuti stoko yachepa, tengani a mwezi umodzi mudzabwerenso. Ine ndimagwira ya m'nyumba, ndikakhala pamzere tsiku lonse madamu amandidula ndalama, komanso Disembala ndikufuna ndipite kumudzi. Ndipange bwanji?

Achimwene a ku Yeoville: Amayi, mukapitanso muwauze anesi akulembetseni pa CCMDD, ena amati Dablapmeds. Ndi pulogalamu ya boma yotengera mankhwala a matenda okhalitsa, yaulere. Ngati BP yanu yakhazikika mankhwala amakupakirani kwina, kenako imabwera SMS yoti phukusi lafika, inu mumangopita ku famase ya Clicks kapena Dis-Chem, kapena pa ma loka a mankhwala otchedwa Pelebox, pomwe mumatayipa PIN chitseko nkutseguka basi. Ku kiliniki mumangopitako akafuna kukuyezani ndi kukulemberani mankhwala ena. Koma nambala ya foni musamasinthesinthe, anthu ambiri zimawasokonekera pamenepo.

Sisi wa ku Rosettenville: Anesi aja sikuti amabisa ayi. Kiliniki imaoda ku depoti, ya Gauteng ili ku Auckland Park, ndiye kampani yobweretsa ikachedwa kapena amene amawerenga mabokosi akaoda mochedwa, otsalawo amagawa pang'onopang'ono kuti aliyense apezeko. Lipoti la stoko amatumiza pafoni kudzera pa Stock Visibility System, kungoti kutumiza lipoti ndi kufika kwa lole ndi nkhani ziwiri kkkk. Akadzakubwezani opanda kanthu dziwitsani a bungwe la Stop Stockouts, ntchito yawo ndi yolondoloza za kusowa kwa mankhwala kuyambira 2013.

Bambo a Junior: Za kumudzizo musadalire kuti mukapeza konko. Ku health centre kwathu a BP amasowasowa, adokotala amangolemba m'buku nkukuuzani mukagule ku famase, ndiye pa Kwacha ya panoyi mudzalira. Auzeni anesi mu Novembala momwemo kuti muli ndi ulendo, mupemphe okwanira ndi kalata yosonyeza dzina la mankhwala ndi mlingo wake. Muwaike m'chikwama cham'manja, osati m'katundu wa m'thirela, basi ikagona pa Beitbridge simungawafikire. Ndipo chonde osamadula piritsi pakati kuti akhalitse!

Mayi wa ku Balaka: Zikomo nonse. Nanga pa CCMDD-po amafuna ID ya konkuno kapena pasipoti imatheka?

Achimwene a ku Yeoville: Ine ndinalembetsa ndi pasipoti. Mutengenso khadi lanu la ku kiliniki.