Mizere itatu ikufiira, itatu ikukana

Wa ku Lizulu: Akuluakulu, ndithandizeni, mutu waima. Ndikupangira amalume tsamba la pa intaneti la mitengo ya katundu wawo wa pamsika: kachewere, kabichi, anyezi, karoti, matimati ndi nyemba. Mizere 6 yonseyo ili ndi class (dzina la gulu lake) "ilipo". Ndikadina batani, yonse iyenera kusanduka "yatha" n'kufiira. Koma zikufiira ndi kachewere, anyezi ndi matimati basi. Ku console, kumene zolakwika zimaonekera, kuli zii. Code yanga ya JavaScript ndi iyi:

var mizere = document.getElementsByClassName("ilipo");
for (var i = 0; i < mizere.length; i++) {
  mizere[i].className = "yatha";
}

Wa ku Dedza boma: Achimwene, onani CSS, imene imapatsa tsamba mtundu ndi maonekedwe, mwina mwaphonya chilembo penapake.

Wa ku Lizulu: Ikanakhala CSS sukanafiira ngakhale mzere umodzi, bwana.

Wa ku Tsangano: Alongo, inenso chinandigonetsa mochedwa chimenechi. Taonani mmene ikudumphira: woyamba, wachitatu, wachisanu. getElementsByClassName imapereka mndandanda wamoyo, umene umasintha nthawi yomweyo tsamba likasintha. Zili ngati pamzere wa kuchigayo. Kachewere mukangomuchotsa class "ilipo", watuluka pamzere, ndipo kabichi wasendera pa 0, malo oyamba. Koma i wanu wafika kale pa 1, ndiye akugwira anyezi, kabichi n'kutsala. Nayo length, chiwerengero cha otsala pamzere, ikuphwa, 6, 5, 4, 3, ndipo i akafika pa 3 loop yathera pomwepo. Console ingadandaule chiyani? Code yanu yachita zomwe munaiuza.

Wa ku Dedza boma: Eeh, zoonadi. Ndabweza mawu anga. Muwerenge chobwerera m'mbuyo, kuyambira pa length - 1 kutsika mpaka 0, osendera sakusokonezani.

Wa ku Tsangano: Zimagwira, koma mawa mudzaiwala chifukwa chake munalemba chamutu pansi. Ine ndingachite izi:

document.querySelectorAll(".ilipo").forEach(function (m) {
  m.classList.replace("ilipo", "yatha");
});

querySelectorAll imajambula mndandanda kamodzi, susinthanso. Kadontho kutsogolo kwa ilipo musakaiwale, chifukwa mukakasiya sipeza kanthu ndipo siiyankhulanso. Komanso className = imafufuta class ina iliyonse imene mzerewo unali nayo, pamene classList imakhudza yokhayo mwaitchula.

Wa ku Lizulu: Zatheka! Yonse 6 yafiira psuu. Kadonthoko ndinakaiwaladi poyamba, musandiseke. Zikomo achemwali, mukadzadutsa pa M1 muime pa Lizulu, ndowa ya kachewere ili pa ine.

Wa ku Tsangano: Kachewere kumupatsa wa ku Tsangano? Bweretsani matimati.