Tretinoin pa mafangasi: ndigule kapena ndisiye?

Nabanda: Abale ndithandizeni maganizo. Mchimwene wanga ali pa mankhwala a khansa, chitetezo chatsikiratu, ndiye m'kamwa mwatuluka zoyera zija, mpaka kumeza kukuvuta. Wina wandiuza kuti tretinoin, wochokera ku vitamini A, amaletsa mafangasi kukula. Pa intaneti akugulitsa. Ndigule?

Aphiri: Nkhaniyo si yabodza ayi, achemwali. Ofufuza anaonadi kuti mankhwalawa amafooketsa mafangasi otchedwa Candida (amene amayambitsa zoyera za m'kamwazo) ndi Aspergillus. Koma anaonera m'labu ndi pa makoswe. Achimwene anuwo si khoswe.

Nangozo: Ine ndingagule. Ndimadzola yemweyo pa ziphuphu, kusupuka pang'ono basi. Ndipo si vitamini kodi? Vitamini angaphe munthu?

Aphiri: Wodzola ndi wakumwa n'zosiyana, mayi. Makapisozi ake madokotala amapereka pa khansa ya m'magazi yotchedwa APL, ndipo wodwalayo samuchotsa diso, chifukwa ena amatentha thupi, kubanika, madzi n'kudzaza m'mapapo. Woyembekezera akamwa, mwana angabadwe wolumala. Dzina la vitamini lisakupusitseni.

Namwino wopuma: Ndilowererepo. Zoyera za m'kamwazo mankhwala ake alipo kale: nystatin zikakhala zochepa, fluconazole zikakula. Aspergillus wa m'mapapo amalimbana naye ndi voriconazole kapena amphotericin B. Tsono chimene ogulitsa sanena n'chakuti fluconazole ndi voriconazole amachedwetsa chiwindi kuchotsa tretinoin m'thupi. Mukaphatikiza mwamseri, amaunjikana m'magazi, mutu n'kuyamba kuwawa koopsa, dokotala osadziwa kuti zachokera pati.

Nangozo: Chabwino, ndagonja pa makapisozi. Nanga vitamini A wamba uja? Ameneyo ndiye sindikuonapo vuto.

Namwino wopuma: Ameneyo satuluka ndi mkodzo ngati vitamini C, amasungidwa m'chiwindi. Chiwindi chatopa kale ndi mankhwala a khansa, muchisenzetsenso katundu wina? Komanso sachiza mafangasi.

Aphiri: Ine sindikunyoza kafukufukuyo. Mafangasi ena akupima mankhwala amene tili nawo, ndiye njira zatsopano zikufunikadi. Akadzayesa pa anthu n'kutsimikiza, ndidzakhala woyamba kulemba pano.

Nabanda: Ndamva, sindigulanso. Mawa ndipita nawo kuchipatala.

Namwino wopuma: Mawa ayi, mayi, lero. Mwati kumeza kukuvuta, mwina zatsikira kum'mero. Thupi mwawayeza? Ngati kutentha kwafika madigiri 38, nyamukani pompano.