Makina oziziritsa ndi kufunditsa nyumba asiya kugwira ntchito: kodi ndigule ena ofanana nawo?

Mwininyumba wa ku Kalongwezi:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za maeyakoni. Nyumba imene tinagula kuno ku Chipata ili ndi makina aakulu okhala panja pa silabu ya simenti, ndipo kompresa, mafani ndi zoziziritsira zonse zili m'bokosi limodzi, pamene mpweya umafika m'zipinda kudzera m'mapaipi aakulu a m'siling'i. Mu Juni ndi Julayi makinawa ankafunditsa nyumba, ndipo mu Okutobala ankaiziziritsa. Tsopano fani ikuzungulira koma mpweya ukutuluka wofunda, ndipo mmisiri amene anabwera anangomvetsera phokoso lake n'kunena kuti kompresa yapsa. Pa chizindikiro chake palembedwa R22. Mlamu wanga amene amakhala ku America akuti angathe kunditumizira makina ofanana nawo. Kodi ndivomere?

Mmisiri wa mafiriji wa ku Kapata:

Bambo, musanatulutse ndalama, pezani mmisiri amene adzayeze ndi mita, chifukwa kompresa siweruzidwa ndi khutu. Nthawi zambiri chimene chimafa ndi kapasita, kachipangizo kotsika mtengo kamene kamathandiza kompresa (pampu imene imazunguliritsa gasi woziziritsa) kunyamuka, ndipo kakafa kompresa imangong'ung'udza osazungulira.

Ngati kompresa yapsadi, sindingakulimbikitseni kuikonzetsa. Gasi woziziritsa wa R22, amene ali m'makina anuwo, akuthetsedwa padziko lonse motsatira pangano la ku Montreal la mu 1987 chifukwa amawononga mpweya wa ozoni, motero akusowa ndipo akukwera mtengo. Simungangothiramo gasi wina wotchedwa R410A m'malo mwake, popeza gasi ameneyu amagwira ntchito pa puresha yokwera kwambiri ndiponso amafuna mafuta ena a mu kompresa. Za mlamu wanu, muwathokoze koma mukane mwaulemu. Magetsi a ku America ndi a 60 Hz pamene athu kuno ku Zambia ndi a 50 Hz pa mavoti 230, ndipo makina opangidwira 60 Hz amayenda pang'onopang'ono kuno, saziziritsa mokwanira, ndiponso palibe amene adzakulemekezereni galanti yake. Komanso ambiri a makina otere kumeneko amafunditsa nyumba poyatsa gasi wobwera m'mapaipi, amene ife tilibe.

Mayi woyang'anira nyumba za alendo ku Mfuwe:

Ine ndikufunsani funso lina, achimwene: kodi ndi zipinda zingati zimene mumakhalamo nthawi imodzi? Makina a bokosi limodzi amaziziritsa nyumba yonse ngakhale mutakhala nokha pabalaza, ndipo mayunitsi a magetsi amatha mukuona. Kuno ku chigwa cha Luangwa, kumene kumatentha kuposa ku Chipata, timadalira maeyakoni ang'onoang'ono a pakhoma, chipinda chilichonse ndi yake, makamaka a invata amene sakoka magetsi ambiri poyamba. Chilala cha mu 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima kwa maola ochuluka, ndipo tinaona kuti sola yapanyumba ingathe kunyamula eyakoni imodzi yaing'ono, koma makina aakulu sangayerekeze n'komwe. Imodzi ikawonongeka, zipinda zina zimazizirabe. Ambiri amafunditsanso, ngakhale kuti kunena zoona kuzizira kwa ku Chipata bulangete limakuthetsa.

Womanga nyumba wopuma pa ntchito:

Ndikugwirizana ndi amayiwa pa nkhani ya mayunitsi, koma musafulumire kutaya mapaipi a m'siling'i, chifukwa ngati ali bwino ndi chuma. Wina akwere akaone ngati makoswe sanawaboole ndiponso ngati zokutira zake sizinang'ambike, pakuti pansi pa malata pamatentha kwambiri mu Okutobala, ndipo paipi yosakutidwa imatenthetsa mpweya usanafike m'chipinda. Mukasankha makina a bokosi limodzi, yezani makomo amene mpweya umalowera ndi kutulukira, chifukwa makina atsopano kawirikawiri safanana ndi akale ndipo pamafunika wosula malata wolumikiza ziwirizi. Musakopere kukula kwa akale popanda kuwerengera zipinda ndi mawindo. Mphamvu yoziziritsa ya makinawa imayezedwa m'matani: tani imodzi ndi ma BTU (muyeso wa kutentha) 12,000 pa ola, kapena pafupifupi makilowati 3.5, ndipo makina aakulu mopitirira amangoyaka ndi kuzima osachotsa chinyezi m'nyengo ya dzinja. Funsaninso ngati amafuna magetsi a mafezi atatu, ndiponso ngati zipangizo zake zimapezeka ku Lusaka. Chilichonse chimene mugule, ikani chotetezera magetsi chimene chimadikira mphindi zingapo magetsi akabwerera, ndipo gasi wakaleyo akokeredwe mu silinda, asangomutayira m'mwamba.

Mwininyumba wa ku Kalongwezi:

Zikomo kwambiri nonse. Mwana wanga wakwera m'siling'i ndipo wapeza kuti paipi yopita kuchipinda chogona ndi yobooka m'malo awiri. Mlamu ndamuuza kale kuti asatumize kanthu. Bambo a ku Kapata, kodi kapasita ndingaichotse ndekha n'kubwera nayo kuti muiyeze?

Mmisiri wa mafiriji wa ku Kapata:

Ayi, musaikhudze, chifukwa kapasita imasunga magetsi ngakhale makina atazimitsidwa ndipo ingathe kukuvulazani. Zimitsani buleka ya makinawo, ndipo mujambule chizindikiro chonse cha pambali pake kuti mmisiri adzabwere ndi kapasita ya muyeso woyenera.